Waya Wopotera Kumanzere

Ndinafika ku Kitwe dzuwa litalowa. Lole ya makala inanditula pamphambano. Dalaivala analoza ndi chibwano. "Komboni yanu ndi iyo." Anapita.

Sindinapondeko chibadwire. Ndinabadwira ku Broken Hill, m'nyumba za njanji. Ndagonapo ku Wankie, ku Bulawayo, ku Salisbury. Pena mwezi, pena chaka. Makomboni onse ndi amodzi. Tinyumba tofanana, manambala pazitseko, utsi wa mbaula. M'thumba ndinali ndi kalata yakale ya mlongo wanga Gertrude. Nambala 214. Chaka chinali 1958.

Ndinafunsa njira m'Chinyanja. Anandiyankha m'Chibemba. Ndinadutsa pa ofesi ya komboni. Pakhoma pake panapachikidwa belu lalikulu ngati beseni yochapira. Pageti panakhala nkhalamba yovala chijasi. Ndinapereka moni. Sinatembenuke.

Nyumbayo ndinaipeza ndi makutu. Mawu a Gertrude sanasinthe.

"Sainani, aTembo. Ndi dzina chabe. Simutuluka magazi."

"Ndanena kale, Naphiri."

"Mwanena kwa yani? Kwa ine? Ndine mwini nyumba ino? Kanenereni kampani ya mgodi, tione ngati denga lilimba ndi mawu anu."

Ndinati odi. Chitseko chinatseguka. Gertrude anandiyang'ana nthawi yaitali. Zaka zisanu ndi ziwiri tisanaonane. Anali ndi pakati, mimba yaikulu ndithu.

"Kingsford," anatero. "Mwasankha tsiku labwino, achimwene. Mawa mutithandiza kunyamula bedi."

Mwamuna wake Nicodemus anaimirira. Munthu wamtali, woonda, wa Mboni za Yehova. Anandipatsa dzanja lamanja mwaulemu. Koma kapu ya tiyi anandiikira ndi lamanzere. Patebulo panali nyali ndi pepala limodzi lotayipa. Analipsinja ndi pulayazi.

Ndinamasula chikwama. "Esme wagona kale? Ndamugulira riboni ku Bulawayo. Yofiira."

Gertrude anakhala pansi pa mphasa pang'onopang'ono.

"Kalata yathu simunalandire, alamu?" anafunsa Nicodemus.

"Munatumiza kuti?"

"Ku Wankie."

"Ndinachokako mu Januwale."

"Esme anatisiya mu Epulo," anatero Gertrude. "Nthomba. Ikani riboni yanu m'thumba."

Ndinaigwirabe m'manja. Sindinadziwe poiika.

"Anamutengera ku chipinda cha matenda opatsirana," anapitiriza Gertrude. Mawu ake anali ouma. "Kumeneko kholo sililowa. Anati pitani kwanu, kukachitika kanthu tiimba lamya ku ofesi ya komboni yanu. Anamwalira Loweruka masana. Anaimbadi, katatu. Loweruka ofesi imatsekedwa thwelofu koloko, mpaka Lolemba. Kiyi ali ndi a Samson, alonda aja mwawadutsa pageti. A Samson anabowola miyala pansi pa mgodi zaka makumi awiri. Makutu anasiya komweko. Lamya inalira yokhayokha m'chipinda, ngati nkhululu."

"Ndiye?"

"Ndiye Lolemba ndinaphika dzira, ndinagula nthochi ziwiri, ndinapita kukapereka pawindo. Anandipatsa diresi lake m'pepala. Anati mtembo wa nthomba sudikira. Anamuika akaidi, Sande m'mawa. Manda ake ndi kamtengo ka nambala. Mvula inafufuta nambalayo."

Kwathu munthu saikidwa ndi alendo. Ngakhale ine wobadwira m'tauni ndimadziwa zimenezo. Ndinayang'ana pansi.

"Belu lija mwaliona pakhoma ndinaika ndine," anatero Nicodemus. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha kaye. Ndinapita kwa bwana wa komboni kawiri. Anati lamya si ya maliro, ndi ya ofesi. Ndiye Loweruka lina a Samson ananditsekulira."

"Munachita bwanji?"

Nkhope yake inasintha. Anakoka kapu ndi supuni. "Si zovuta, alamu. M'kati mwa lamya muli kanyundo. Munthu akaimba, kanyundo kamanjenjemera n'kumamenya timabelu tiwiri. Tingoti supuni iyi. Ine ndinadula tizidutswa tiwiri ta chitini cha mkaka. Ndinatiika pambali pa kanyundo, mpata wake ngati tsitsi limodzi. Kanyundo kakagwedezeka kamakankha kachitini aka, kakhudza kanzake. Moto wa batire ya lole udutsa. Waya utuluka pawindo mpaka pa belu. Belulo ndinalitola kudzala la zitsulo, linali lochenjezera kumgodi. Waya wa lamya yawo sindinadule ndi umodzi womwe."

"Mwamva mmene akukomedwera?" anatero Gertrude. "Afotokozereninso za mzungu wa lamya uja."

Nicodemus anaika supuni pansi. Anafotokoza mwachidule. Belu linagwira ntchito milungu itatu. Kenako kunabwera mzungu woyendera malamya. Anatsegula, anayang'ana, anaseka. Sanadandaule za chitini. Anayang'ana polumikizira mawaya.

"Munthu aliyense akamalumikiza waya amapotera kumanja," anatero Nicodemus. "Ine ndine wamanzere. Anga amapita kumanzere. Mzunguyo anati dzanja ili ndalionapo. Lili m'nyumba makumi anayi za azungu ku Nkana West. Koma mapepala a nyumbazo ali ndi dzina la Bwana Gordon. Ndipo Bwana Gordon amalemba ndi dzanja lamanja."

"Gordon ndi ndani?"

"Ndiye wamagetsi. Ine ndine wonyamula makwerero ake. Ndi mmene alembera pa khadi langa."

"Zaka khumi ndi zinayi," anatero Gertrude. "Gordon amakhala m'galimoto ndi nyuzi ndi botolo la tiyi. Awa ali m'denga ndi akangaude. Akatsika, Gordon asaina. Lamulo likuti munthu wakuda sagwira pulayazi pa ntchito ya mzungu. Tsopano bungwe la azungu ogwira ntchito kumgodi lakwiya, kampani yachita manyazi, onse afuna nkhani ife. Ndi ilo pepala."

Ndinalikokera ku nyali. Chingerezi ndimawerenga. Mizere inali itatu. Kuti belu anaganiza ndi kuika ndi Bambo Gordon. Kuti Nicodemus Tembo anangogwira makwerero. Kuti Nicodemus Tembo sanalumikizepo waya pa ntchito ya kampani.

"Akasaina, belu likhala, ntchito ikhala, nyumba ikhala," anatero Gertrude. "Akapanda kusaina pofika seveni koloko mawa, amuchotsa ntchito chifukwa chogwira zosaloledwa. Belu aligwetsa. Nyumba ndi ya kampani. Ine ndikaberekera pansi pa mtengo."

"Ndi bodza, Naphiri. Mizere itatu, mabodza atatu."

"Bodza lero? Zaka khumi ndi zinayi Gordon akulemba dzina lake pa ntchito yanu, munali chete. Silinali bodza limenelo?"

"Linali lake. Ine sindinalembe."

"Munaligwirira makwerero."

Nicodemus anayang'ana pepalalo. Anapukuta patebulo ndi chala, pomwe panalibe kanthu.

"Sande lililonse ndimagogoda pamakomo a anthu," anatero. "Ndimawauza kuti Mulungu amadana ndi lilime lonama. Mawa ndikagogoda ndi dzanja liti?"

"Mukagogoda muli ndi khomo lanu lobwererako. Abale a mumpingo adzakuyamikani Sande. Lolemba adzatipatsa chipinda? Onse ali m'nyumba za kampani, mlendo akagona masiku atatu apolisi a komboni afika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aTembo. Wapachala ndi wa mphepo."

"Tipita kumudzi."

"Mudzi uti? Ku Katete munachoka muli ndi kabudula. Khasu mumalidziwa? Mukaika magetsi m'nkhokwe?"

Ndinaseka pang'ono. Sindinafune. Onse anandiyang'ana.

"Nenanipo, achimwene," anatero Gertrude. "Mwayenda. Mwaona zambiri."

"Ine ndikanang'amba pepalalo," ndinatero. "Ntchito ndasiya zisanu ndi imodzi. Mzungu akanditukwana, ndimatenga jekete."

"Inu katundu wanu ndi jekete lomwelo. Mwana wa mlongo wanu anamwalira, kalata inasowa pokupezani. Khalani chete."

Ananena zoona.

Kunja kunamveka odi. Analowa mwamuna wamfupi, shati yoyera, cholembera m'thumba. Anali Pius Mbewe, kalaliki wa ofesi ya komboni. Kwawo n'ku Katete komweko. Mkatolika. Anavula chipewa, anakana mpando.

"Akulu, ndadzera kapepala kaja. Ndati ndikatenge lero, mawa musavutike kuimirira pamaso pa bwana."

"Sindinasaine, a Mbewe."

Pius anapumira m'mwamba. "Akulu, ine ndi amene ndinatayipa. Zala zinkandiwawa. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Gordon wakhala pamkhate wa azungu onse. Mukamugenda, chosweka ndinu."

"Inu kwanu n'kosavuta," anatero Nicodemus. "Munama Lachisanu, Loweruka mukaulula kwa bambo mfumu, Sande mwayera."

"Ndiye bwerani kwathu sabata imodzi yokha. Tikubwerekani."

Gertrude sanaseke. "Auzeni zonse, a Mbewe. Auzeni za nyumba."

"Ilipo kale banja lodikira, mayi. Achokera ku Mindolo. Dzina lili pa tebulo langa." Pius anatembenuza chipewa m'manja. "Ndipo pali mawu ena. Awa sali papepala. Bwana Gordon wati mukasaina, ntchito muzigwira monga kale. Koma waya muzipotera kumanja, ngati anthu onse. Woyendera uja asadzaonenso kanthu."

Nicodemus anayang'ana dzanja lake lamanzere. Linali ndi zipsera za moto m'zala.

"Ndili mwana amayi ankalimanga ndi luzi dzanja ili," anatero. "Ankati lamanzere sadyera, sapatsira moni. Kudya ndi lamanja ndinaphunzira. Moni ndinaphunzira. Ntchito yokha ndi imene ndinalisiyira. Tsopano afuna imeneyonso."

"Ndi waya chabe, akulu."

"Pepala ndi dzina chabe. Waya ndi waya chabe. Ine chotsala ndi chiyani?"

Pius anatsegula pakamwa. Belu linalira.

Sindinamvepo belu lotero. Linalowa m'mano. Linalira, linaleka, linaliranso. Gertrude anadzuka msanga kuposa mmene mimba ikanalolera. Pius anali kale pakhomo.

Tinatuluka. Zitseko zinali kutseguka mzere wonse. Anthu ankathamanga osalankhula. Amayi ndi ana kumsana. Amuna opanda malaya. Wina anali ndi sopo kumutu. Palibe anafunsa mnzake. Aliyense anali ndi wake m'mutu. Wina mwamuna ali pansi pa mgodi, shifiti ya masana. Wina mkazi ali kuchipatala.

Pa ofesi a Samson anali atatsegula kale. Belu limeneli ankalimva. Anaima pakhomo, kiyi m'manja, ngati msilikali. Pius analowa, ananyamula lamya. Tinamuona pawindo. Anthu anali ngati zana.

Pafupi nane panaima mayi wina wopanda nsapato. Manja ake anali onyowa. Milomo inkayenda popanda mawu. Gertrude anamugwira paphewa. "Ennie, limba. Mwina si iwe."

Pius analankhula Chingerezi. Anagwedeza mutu kwa munthu wosamuona. Anaika lamya pansi. Anatuluka pang'onopang'ono.

"Ndani?" anafunsa mwamuna wina wa Chibemba. "Nenani dzina, mukwai."

"Palibe wamwalira," anatero Pius. "Palibe wavulala."

"Nanga?"

Pius anayang'ana nsapato zake. "Ndi Dona Gwen, mkazi wa Bwana Gordon. Magetsi azima kunyumba kwawo ku Nkana West. Ali ndi alendo, nyama ili mu uvuni. Ati Nicodemus abwere msanga ndi zitsulo."

Kenako wina anaseka. Kuseka koipa.

"Mwamuna wake ali kuti? Si ndiye wamagetsi?"

"Ali pomwepo," anatero Pius. "Wayesa."

Pamenepo anthu anatukwana. M'Chibemba, m'Chinyanja, m'Chilozi. Wa sopo uja analavula. Anthu anayamba kubwerera, awiriawiri. Ennie sanabwerere. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, pansi pa belu.

Gertrude anatembenukira kwa mwamuna wake. Maso ake anali psuu ndi ukali. Sindinamuonepo chotero, ngakhale tili ana.

"Belu la mwana wanga," anatero. "Loitanira nyama ya mu uvuni. Mawa akuchotsani ntchito chifukwa chogwira waya, lero akuitanani mukagwire waya. Ng'ambani pepala lija, aTembo. Ndinalakwa. Ndikaberekera pansi pa mtengo, palibe kanthu. Adye nyama yaiwisi."

Ndinakondwa. Ndinafuna kumunyamula mlongo wanga.

Nicodemus sankamuyang'ana. Ankayang'ana Ennie. Anagwada pafupi naye.

"Mayi, mwana ali bwanji?"

"Sindidziwa, atate. Ali m'chipinda chomwe chija. Lero tsiku lachisanu ndi chinayi." Anapukuta manja pa chitenje. "Mtima unaima. Koma lilire, ngakhale lilire za nyama. Mwana wanga woyamba atagonekedwa chaka chatha, ndinkakhala apa, khutu pakhoma kumvetsera lamya, kuyambira Loweruka mpaka Lolemba. Apolisi ankandithamangitsa. Tsopano ndimakhala kunyumba, ndimaphikira enawa. Likapanda kulira ndimadziwa kuti ali moyo." Anakweza maso. "Akuti aligwetsa mawa. Zoona?"

Nicodemus anayang'ana belu. Anaimirira. Mawondo ake anali ndi fumbi.

"A Mbewe, pepala lija lili patebulo kunyumba. Kalitengeni."

"ATembo," anatero Gertrude. "Ndati ng'ambani."

"Ndamva."

"Madzulo onse mwandiuza za lilime lonama. Ine ndavomera. Tsopano mwatani?"

"Ndikakana, ine ndichoka ndi choonadi changa m'thumba. Mayi awa abwerera pakhoma."

"Wina adzaika lina."

"Ndani? Gordon?"

"Nanga mumpingo mukanena chiyani?"

"Ndikawauza ndekha, asanamve kwa wina. Andichotsa pa zogogoda m'makomo. Mwina andichotseratu. Akhala akulondola. Bodza ndi bodza, sindilitcha dzina lina."

Gertrude anayamba kulira. Sanalire mokweza. "Ndiye apambana. Atenga ntchito yanu, atenga dzina, atenga ndi Mulungu wanu. Ndipo Gordon adzayamikidwa chifukwa cha belu la Esme."

"Ayamikidwe. Bola lilire."

Ndinalankhula. Sindikanatha kudziletsa. "Alamu, musatero. Anthu awa mukawapatsa chala atenga mkono. Ndawaona ku Wankie, ndawaona ku Salisbury. Tiyeni ku Ndola. Munthu wa manja ngati anu safa ndi njala."

"Mkono anatenga kale, alamu," anatero. "Inu mukapsa mtima mumakwera lole. Si tonse tingakwere."

Pius anabwera ndi pepala. Tinalowa mu ofesi. Lamya inali patebulo, yakuda, yaing'ono. Pansi pake panali batire, ndi mawaya awiri okwera kuwindo. Ndinaona polumikizira. Panali posalala ngati mkanda. Popotera kumanzere.

Pius anapereka cholembera. Nicodemus anachilandira ndi dzanja lamanzere. Analemba pang'onopang'ono, chilembo chilichonse payekha. Pius anapsinja ndi pepala loumitsira inki. Sanayang'ane munthu.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, akulu," anatero motsitsa.

"Musandipatse mwambi, a Mbewe. Ndipatseni chiphaso. Ku Nkana West munthu wakuda sayenda dzuwa litalowa popanda chikalata."

Pius analemba chiphaso. Chifukwa cha ulendo analemba kuti kunyamula makwerero.

Nicodemus anapita kunyumba, anatenga thumba la zitsulo. Pulayazi anaika m'thumba la jekete. Anakwera njinga. A Samson anamutsegulira geti, anavula chipewa. Sanamve chilichonse cha zonsezi. Anangomwetulira n'kuloza belu.

Ine ndi Gertrude tinabwerera. Tiyi anali atazizira. Anandiyalira mphasa pafupi ndi chitseko.

"Mukhala masiku angati?" anafunsa.

"Ndimati sabata."

"Simufika mawa masana. Ndikuonerani m'maso."

Ndinadzuka kusanache bwino. Wezulo ya kumgodi inali isanalire. Ndinapinda bulangeti. Riboni ndinaisiya patebulo, pomwe panali pepala lija. Gertrude anali maso kuseri kwa katani. Ndinamva mpweya wake.

"Mwana akabadwa tilembere kuti?" anafunsa.

Ndinaganiza. Ndinalibe adiresi.

"Ndilemba ndine," ndinatero.

"Mlendo ndi mame," anatero. "Tsekani chitseko bwino."

Nicodemus anali panja, pa sitepe. Anali atavala kale ovolosi. Pakati pa miyendo yake panali mulu wa tizidutswa ta waya. Dzanja lamanzere analikhalira, analipsinja pansi pa ntchafu. Pulayazi inali kumanja. Waya wina anaugwira ndi mano.

"Magetsi a dona anayaka?" ndinafunsa.

Analavula waya. "Inali fyuzi. Mphindi ziwiri. Anandipatsa mafupa m'pepala."

Anatola zidutswa zina ziwiri. Anayamba kupota. Waya unaterereka, unamubaya pachala. Anayamwa magazi. Anandionetsa zomwe anapanga. Zinali zokhotakhota, ngati za mwana wa sukulu.

"Lachitatu tikulowa nyumba yatsopano ya dokotala," anatero. "Zipinda zisanu ndi chimodzi. Pofika tsikulo dzanja lamanjali likhale litaphunzira."

Ndinamupatsa dzanja. Anaika pulayazi pansi, anandipatsa lamanja. Linali lonyowa ndi magazi.

Ndinadutsa pa ofesi. A Samson anali kupukuta belu ndi mkono wa chijasi. Pamphambano panaima lole ya matabwa yopita ku Ndola. Sindinafunse mtengo. Ndinakwera kumbuyo, ndinakhala moyang'ana kutsogolo.